Mapulogalamu anga ndi nyimbo za alamu

Linali Lachinayi, pa 9 Novembala, nthawi ili 2 koloko masana, pamene ndinalowetsa fulashi yanga m'kompyuta ya ku ofesi n'kupezamo nyimbo zokhazokha.

Ndine kalaliki pasukulu ina ku Chinyunyu. Chaka chimenecho ndinkaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, maphunziro otumiza ntchito pa intaneti. Kompyuta yangayanga ndinalibe, ndipo ahedi sankalola kusunga zathu m'ya ku ofesi. Choncho zonse zinali m'fulashi: kapulogalamu ka Python kowerenga masiku kuchokera pa mvula yoyamba, ka C kosanja mayina a ana asukulu, tsamba la HTML la kwaya yathu, ndi ka Java kosonyeza nthawi za maminibasi a ku Lusaka. Munalinso tina tongoseweretsa, koma zinayi izi aphunzitsi a maphunzirowo ankazifuna Lachisanu isanakwane 10 koloko m'mawa. Wochedwa ankabwereza chaka.

Fulashiyo inali itangobwera kuchokera kwa alamu anga, alongo ake a mkazi wanga. Anaibwereka kuti aikemo nyimbo za paukwati wa mwana wawo Loweruka. Mlamu sumukaniza chinthu. Ndinawaimbira foni.

"Ba mulamu, mafayilo anga ali kuti?"

"Tija tosaimba? Wa pashopu yoikira nyimbo anati tikudya malo. Tinapukuta."

"Munapukuta."

"Nanga tinali tofunika? Inu a profesa, zonse zili m'mutu. Mlongo wanga sanakwatiwe ndi mbuli."

Ndinadula foni ndisananene mawu oti ndidzapepese ndi nkhuku.

Magetsi kwathu sadalirika, n'chifukwa chake pulogalamu iliyonse ndimayamba ndailemba pamanja m'kope. Ndikakonza cholakwa pakompyuta, ndimachilembanso m'kopemo ndi bolopeni yofiira. Ndinapalasa njinga kukatenga makopewo, n'kuyamba kutayipa. Python inayenda. C inayenda kachiwiri. Tsamba la kwaya linatseguka. Java ndinaimaliza dzuwa litapendeka, ndipo inakana. Uthenga wake unati penapake pali chizindikiro cha bulaketi chimene ndinatsegula osatseka. Ndinayang'ana m'kope. Masamba asanu ndi awiri, opanda inki yofiira ngakhale pamodzi. Sabata imene ndinkakonza Java ndinachita ulesi.

Magetsi anazima 5 koloko.

Kunyumba ndinapeza mkazi wanga ali pakhonde, akusankha mbewu ya chimanga m'lichero.

"Achimwene alakwa?" anafunsa, maso ali palichero.

"Wolakwa ndine."

"Ayi ndithu. Nonse awiri."

Ndinakhala pansi ndi kope. Maso ankangotsetsereka pamizere, osaona kanthu. Kenaka ndinatapa chimanga m'lichero muja. Bulaketi ikatseguka ndinkaika njere imodzi pasimenti, ikatsekeka ndinkachotsa imodzi. Kumapeto kwa chigawo chilichonse panayenera kutsala njere imodzi yokha, ya bulaketi yaikulu yokuta pulogalamu yonse. Chigawo choyamba, imodzi. Chachiwiri, imodzi. Nkhuku inadzatola njere ziwiri ndili pakati pa chachitatu, ndinayambiranso. Mkazi wanga anaithamangitsa, n'kukhala pafupi ndi kamtengo m'manja.

Pachigawo chachinayi, cha maminibasi a Lamlungu, panatsala ziwiri. Ndinabwereza. Ziwiri. Ndinatsata ndi chala mpaka ndinapeza pamene bulaketiyo inayenera kukhala, ndipo ndinailemba ndi inki yofiira. Komabe mtima sunakhale pansi. Pepala siliyendetsa pulogalamu, ndipo mwina panali cholakwa china chobisala kumbuyo kwa chimenechi.

M'mawa ndinafika kusukulu 6 koloko. Magetsi kunalibe. Ndinakhala kutsogolo kwa kompyuta yozima, kope lili lotsegula, ndikuyang'ana babu. Linayaka itadutsa 9. Ndinatayipa bulaketi imodziyo, ndipo nthawi za maminibasi zinatsika pasikirini, za Lamlungu zomwe. Ndinatumiza zinayi zonse kutatsala mphindi makumi awiri. Kenaka ndinazula fulashi, n'kupalasa njinga kukaisiya kwa alamu. Ukwati unali wa mawa lake, ndipo nyimbo zinali momwemo.