Mmene ndinawerengera nkhuku za apongozi

Mboni zanga ndi zitatu: akazi anga, apongozi anga, ndi malume a akazi anga. Onse ali moyo ku Chiwaridzo, m'tauni ya Bindura, ngakhale malumewo amati nkhaniyi sakuikumbukira bwino.

Chinali chaka chija masitolo a ku Bindura anangotsala mashelefu okhaokha. Apongozi anali atagulitsa makina awo osokera n'kugula anapiye achikuda mazana atatu, kuti adzikhalira kugulitsa mazira. Anapiye anakula, madeya n'kusowa. Njala yake inali yoti nkhukuzo zinadya zingwe za nsapato za malume, eni ake ali chiimire. Ndikulumbira, anapita kwawo akukhwekhwereza mapazi.

Malumewo anafuna kudziwa ngati m'kholamo munali zodzaikira. Anaima pakhomo ndi mbale ya madeya, n'kugwira nkhuku makumi awiri zoyamba kufika. Zitatu zokha ndizo zinali misoti.

"Achemwali, anakugulitsani atambala okhaokha," anatero. "Mawa tigulitse zonse, zisanatidye ifeyo."

Apongozi anangokhala pansi.

Ine nthawiyo ndinkatenga masampulo a miyala kumgodi. Ntchitoyo ili ndi lamulo lake: sutola mwala umene wagubuduka wokha kudzafika pamapazi pako. Koma mkamwini satsutsa malume ataimirira, choncho ndinanjuta kaye.

"Amayi, mundilole ndiwerengeko. Tambala ndi wosusuka, ndiye amathamangira kukhomo. Misoti yapanikizika kumbuyo."

"A mukwasha, nkhuku si golide," anatero malume, akunditchula mkamwini m'Chishona. "Kapena kumgodiko mumakumbanso nthenga?"

"Asiyeni ayese," anatero apongozi.

Ndinagawa khola panayi ndi zingwe. Akazi anga anandimanga mpango kumaso kuti dzanja lisamasankhe, ndipo ndinagwira khumi m'chigawo chilichonse. Iliyonse ankaimanga kansalu kumwendo kuti tisaigwire kawiri. Tambala wina anandijompha kasanu pamalo amodzimodzi, n'kubwerera kudzaona ngati wagwira bwino ntchito. Chipsera chilipo, ofuna kuona abwere masana.

Mwa makumi anayi aja, misoti inapezeka 23. Ndinalemba pansi ndi khala.

"Amayi, m'kholamu misoti ilimo pafupifupi 170. Ndikhoza kuphonya, koma osati mpaka kugulitsa khola."

Apongozi anati tidikire milungu itatu, madeya akapempha kwa azimayi a kutchalitchi.

Atambala atayamba kulira anawapatula kuti agulitsidwe, zotsala anaziwerenga imodziimodzi. Zinakwana 166. Malume anayenda wapansi mpaka kwathu kudzandiuza kuti ndaphonya ndi zinayi. Ndinavomera, ndinawapatsanso mpando.

Patapita miyezi iwiri, Loweruka m'mawa, apongozi anafika okha pakhomo pathu atasenza beseni. Anakana kuti akazi anga awatule. Analiika pamapazi anga, n'kuvundukula nsalu. Mazira oyamba, odzaza mpaka m'milomo.

"Awanso muwawerenge mutatseka maso, bambo," anatero.