Nyengo Imene Anandiyesa Katswiri wa Masamu

Chikwamacho chinali chobiriwira, cha zipi, ndipo chinkanunkha pulasitiki yatsopano. Aphunzitsi athu a Sitandade 4 anabwera nacho kuchokera ku maphunziro a sabata imodzi ku boma, ndipo kuyambira tsiku limenelo sankachiika pansi. Ngakhale popita kuchimbudzi ankachikoleka paphewa. Ife ana tinkayesa muli mabisiketi. Munalibe kanthu koma cholembera ndi pepala limodzi la mizeremizere, loti alembepo mayina a ana amene masamu akuwavuta.

Inali teremu yachitatu, nyengo ya manachesi. Kwathu kufupi ndi Thambani mwezi wa Juni kumazizira kong'ambula milomo. Tinkakhala pansi pa simenti yokumbikakumbika, miyendo titaikulunga m'madiresi, ndipo m'kalasi monse munkamveka fungo la makoko amene tinkasenda mobisa. Zala zinkachita kumata ndi madzi a manachesi, makope n'kumadetsedwa m'mbalimbali.

Kalasi imeneyo ndinali kuibwereza. Chaka chitangoyamba amayi anandiuza, uku akupeta chimanga osandiyang'ana n'komwe, kuti ndikalepheranso basi, ndipita kwa amalume ku boma kukalera mwana. Amalume anali ndi golosale kumeneko, akazi awo anali atangochira kumene, ndipo akabwera kumudzi ankandiyang'ana ngati mbuzi yoti agule. Amayi sanali ankhanza. Anali okha ndi ana anayi, akudalira ganyu, ndipo sankaona chifukwa chotumizira mwana kusukulu kukangotenthetsa simenti.

Chimene chinkandigwetsa ndi masamu. Manambala ndinkawadziwa mayina okha, monga umadziwira anthu a m'mudzi wina. Wina akati seveni kuchotsapo folo, m'mutu mwanga munkangoti zii. Koma ndinali ndi mawu. Ku Sande sukulu ndine ndinkayambitsa nyimbo, ndipo matebulo ochulukitsira aja ndinawaloweza ngati nyimbo basi, kuyambira la thu mpaka la thwelofu, osapunthwa. Ndikamakuwa kuti sikisi thaimuzi sikisi, sindinkadziwa kuti pali zinthu zenizeni zimene zikuwerengedwa.

Zolemba m'kope ankandinyamula ndi mnzanga wina amene tinkakhala moyandikana. Anali wachibwibwi, ndipo anzathu atamuseka kokwana anangosankha kusatsegula pakamwa. Koma masamu ankawamwa ngati madzi. Iye ankapendeketsa kope lake pang'ono, ine n'kumaonera, pobwerera kunyumba n'kumuthyolera zipatso za m'mitengo ya amayi. Tinakhala choncho materemu awiri popanda wodandaula.

Ndiye kunabwera chikwama chija. Lolemba m'mawa aphunzitsi anatiuza, mawu atawakweza ngati ali pamsonkhano, kuti ku boma awaphunzitsa kuti mwana wovutika azizindikiridwa msanga n'kuthandizidwa. Anatiimiritsa tonse, n'kutilamula kuti tinene matebulo. Iwo anayamba kuyendayenda pakati pathu, khutu atalipendeketsa, maso ali pamilomo yathu. Aliyense amene milomo yake inkachedwa kapena mawu ake sankamveka, dzina lake linkalowa papepala paja.

Pano ndimaima kaye, chifukwa zimandipsetsabe mtima. Lero inenso ndine mphunzitsi, ndipo maphunziro a mtundu umenewo ndapitako. Palibe amene amati kazindikireni ana poyang'ana milomo. Amati khalani ndi mwana mmodzi payekha, muikireni timiyala patsogolo, muone zimene manja ake achite, mumufunse kuti yankho walipeza bwanji. Kaya aphunzitsi anga anamva chiyani sabata yonse ija, sindidziwa. Mwina anamva bwinobwino, koma atabwerera n'kuona khamu la ana lija, iwo ali okha ndi choko chimodzi, anangofuna njira yoti athane nazo tsiku limodzi. Ndimawamvetsa ndithu. Koma kumvetsako sikundiletsa kukwiya.

Dzina loyamba kulembedwa linali la mnzanga uja. Ine anandidutsa akugwedeza mutu mosangalala, poti ndinali kukuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera.

Olembedwa onse anawasamutsira kutsogolo, pafupi ndi bolodi, ndipo tikaweruka ankatsala pansi pa mtengo wa mango kuti athandizidwe. Koma aphunzitsi anali ndi munda wa nandolo wowadikira, choncho gululo linafunika mtsogoleri wochokera mwa ana odziwa. Sanavutike kusankha. Anandipatsa kandodo, n'kundiimika patsogolo pa ana ovutika masamu kuti ndiziwaphunzitsa. Ine! Munthu woti zala zanga khumi zikatha ndinkasowa kolowera.

Ndinawaphunzitsa chimene ndinali nacho, kuimba. Tsiku lililonse, njala ikuluma, mphepo ikutiwaza fumbi m'maso, tinkaimba matebulo mpaka mawu kusasa. Mnzanga uja ankakhala kumapeto, akulemba mayankho padothi ndi kamtengo ife tisanafikeko n'komwe. Ndipo ndinene zoona ngakhale zikundichititsa manyazi, tsiku lina ndinamuloza ndi kandodo kaja n'kumukalipira kuti atsegule pakamwa. Anangondiyang'ana, n'kufufuta manambala ake ndi phazi. Kuyambira pamenepo ankabwerera kwawo yekha.

M'kalasi tsopano ndinalibe woonera. Chinandibisa n'chakuti makope tinkadzichongera tokha, poti aphunzitsi sakanatha kuchonga onse. Ndinkangokandakanda papepala ngati ndikulemba, kudikira kuti mayankho aikidwe pabolodi, n'kuwakopera msangamsanga, kenako n'kudzipatsa chichongi chachikulu. Mantha okha ndi amene ankakula. Mayeso ankayandikira, ndipo amalume anabweranso kumudzi kawiri mwezi womwewo.

Ndinayesa kudziulula kamodzi. Linali tsiku langa losesa, anzanga atatuluka, aphunzitsi akutseka zipi ya chikwama chawo. Ndinagwada pafupi ndi tebulo, tsache lili m'manja.

"Aphunzitsi, ine masamu sindimva."

Anaseka. "Iwe? Seveni thaimuzi eyiti?"

Ndinayamba nyimbo ija chamumtima kuchokera pa seveni thaimuzi wani, ndikugwedeza chala chakuphazi, mpaka ndinafika. Ndinawayankha molondola.

"Waona? Usamadzichepetse. Tamaliza kusesa uzipita."

Akanangotola timiyala panja pomwepo, n'kunena kuti tandiikira milu seveni ya miyala eyiti eyiti, bwenzi nditagwidwa tsiku lomwelo, ndipo bwenzi nditapulumuka. Timiyalato tinali mbwee pakhomo pa kalasi, tinkachita kutipunthwitsa. Koma funso linali limodzi, lomwe lija la nyimbo, ndipo ine ndinalibe mawu ena ofotokozera vuto langa.

Mayeso tinalembera panja, motalikirana, aliyense kope pabondo. Funso limodzi ndimalikumbukirabe: manachesi 24 agawidwe mofanana kwa ana 6, aliyense alandira angati? Manachesi enieniwo, amene ndinkathyola ndi kugawira azing'ono anga tsiku ndi tsiku popanda wolira. Koma atalembedwa papepala sindinawazindikire. Ndinaona sikisi, basi n'kulemba tebulo lonse la sikisi kuyambira pamwamba mpaka pansi, mwaukhondo, ndikuyembekeza kuti yankho lili penapake m'menemo ndipo aphunzitsi adzisankhira okha.

Tsiku lotsekera sukulu dzina langa linamveka m'gulu la obwereza. Maphunziro enawo ndinali wapakatikati, ndipo masamu anandikokera pansi. Amene anaposa onse pa masamu anali mnzanga wachibwibwi uja. Aphunzitsi anamuimika pamaso pa makolo n'kulengeza kuti onani zipatso za maphunziro a ku boma, mwana amene anali woyamba pa ovutika lero watsogola. Anthu anaomba m'manja, amayi ena n'kululutira. Mpaka lero ndikakumbukira m'manja mmenemo ndimafuna kuponya chinthu.

Komabe aphunzitsiwo anali ndi mtima wabwino, ndipo n'chimene chimandisautsa kwambiri. Atamva kuti ndikupita kukalera mwana, anapalasa njinga Loweruka masana kubwera kwathu kudzandipepesera. Anapeza amalume alipo. Amayi anayala mphasa pakhonde, ine n'kubisala kuseri kwa nkhokwe, kumene ndinkamva zonse.

Amayi anawamvetsera mpaka anamaliza, kenako anafunsa mofatsa.

"Tandiuzani zoona, aphunzitsi. Kodi mwanayu mutu wake ndi wolimba? Ngati zikumuvuta, ndimupirira chaka china, poti si dala. Inenso sukulu inkandivuta."

"Ayi mayi, musatero," anayankha aphunzitsi mwamphamvu. "Ameneyu ndi shapu. Ovutika onse ndinawalemba ndekha, iye palibepo. Ndiye amaphunzitsa anzake. Wangotayirira basi, mwina matama a utsogoleri."

Ndinamva amayi akusasa mphasa ndi dzanja, monga ankachitira akatsimikiza chinthu.

"Mwamva nokha, achimwene," anatero kwa amalume. "Wovutika ndikanamumvera chisoni. Koma wodziwa, n'kumachita dala, ine ndikuthyoka msana m'minda ya eni? Mumutenge."

Aphunzitsi anayesa kubweza mawu, koma pamene ankanditama kwambiri m'pamene amayi ankaumiratu mtima. Lolemba lotsatira ndinakwera matola ndi amalume, zovala zili m'jumbo. Ku boma ndinakhala zaka ziwiri mwana ali kumsana, ndisanaonenso m'kati mwa kalasi.

Koma kuseri kwa nkhokwe kuja, Loweruka lija, ine sindinalire. Ndinali kumwetulira ndekha, chifukwa munthu wamkulu wophunzira anali atapalasa njinga mtunda wonsewo kudzauza amayi anga kuti ndine wanzeru. Palibe amene anali atandinenerapo zabwino chotero. Ndinkaganiza kuti akundipulumutsa, ndipo ndinkapemphera kuti apitirize kulankhula.