Tsiku Limene Achimwene Anasambitsidwa mu Mazowe

Achimwene anga anabwerako ku nkhondo ya ku Mozambiki ali ndi miyendo yonse iwiri, ndipo anthu a pakomboni ya mgodi ankati tili ndi mwayi. Mwayi wake uti? Munthu uja anakana kulowa m'nyumba. Ntchito yausilikali anali atasiya, koma yunifomu yakale ndi majombo sankavula. Ankangokhala pamwala kuseri kwa khitchini, usana ndi usiku. Akaphulitsa miyala pansi mumgodi, nthaka n'kunjenjemera pang'ono monga mwa masiku onse, ife sitinkamva n'komwe, koma iwo ankadzigwetsa chafufumimba m'fumbi. Mwana wawo akawakwawira, ankabisa manja kumbuyo.

Alamu anga anapirira mpaka anatopa. Ananena poyera kuti mvula ikangoyamba, atenga mwana n'kubwerera kwawo ku Madziwa. Ndinawalalatira, poti ine pakamwa sindichedwa, koma mumtima ndinkadziwa kuti sakulakwa. Amumpingo anabwera, anaimba, anapemphera mpaka mawu kusasa, achimwene ali duu.

Masiku amenewo ndinkagulitsa tomato pamsika wa ku Chipadze, ndipo pafupi nane pankayala mayi ena a ku Tete, ku Mozambiki. Anathawa nkhondo yomweyo, anagwira maganyu m'mafamu a fodya ku Matepatepa, kenako anapeza kachipinda ka lendi m'tauni. Tonse tinkadziwa kuti amuna awo ndi ana awo awiri anapsera m'nyumba. Oyatsa motowo sankawadziwa. Ankangoti, "Anali ndi mfuti, basi." Tsiku lina malonda atavuta ndinawadandaulira za achimwene.

"Simunawasambitse," anatero, uku akusanja tomato. "Kwathu munthu wochokera kunkhondo sangofikira m'nyumba. Nkhondo imakhala itamumatirira. Zovala zake zimawotchedwa, ndipo amamusambitsa kumtsinje munthu amene si m'bale wake. Ndibwera Loweruka m'mawa."

"Amayi, mwamva bwino? Achimwenewo anali msilikali kwanu komweko."

"Iwe, ukundiyesa gonthi?"

Abambo, omwe anali mkulu wa mpingo, anati zachikunja pakhomo pawo ayi. Amayi anga anawayang'ana n'kuti, "Bambo ake, madziwo anawalenga ndi Satana kodi?" Loweruka litafika abambo anavala chipewa n'kumatitsatira chapatali, ngati akungopita kwina. Chimene chinandidabwitsa choyamba n'chakuti achimwene, omwe sankamvera munthu aliyense, anadzuka mayi aja atangoti, "Tiyeni."

Tinatsikira kumtsinje wa Mazowe dzuwa litangokwera. Mayi aja anawavulitsa majombo ndi yunifomu, anatsala ndi kabudula yekha. Zonse anaziunjika pamchenga, anathira parafini, n'kuyatsa. Anafikisa masamba m'beseni, analowa nawo m'madzi ofika m'mawondo, nati, "Zimene munaona muuze madzi. Musauze ine, musauze akazi anu. Madzi apita nazo."

Achimwene anayamba kulankhula. Chibwerereni tinali tisanamve mawu awo opitirira awiri, koma apa zinkangotuluka ngati thumba la chimanga lang'ambika. Anaiwala zonong'ona. Anatchula anzawo amene anaduka miyendo ndi mabomba okwirira, anatchula njala, anatchula misewu. Kenako anatchula mudzi wina wa mitengo ya mango pansi pa phiri, umene anauwotcha atauzidwa kuti mukubisala zigawenga.

Maiwe! Dzina la mudzi umenewo ndinali nditalimva kambirimbiri pamsika paja. Unali mudzi wa mayi aja.

Dzanja lawo linaima m'mwamba, chikho chili chodzaza, madzi akudontha m'chigongono. Panali miyala paliponse pamtsinjepo, ndipo kunena zoona, ndikanakhala ine ndikanatola umodzi. Anafunsa motsitsa mawu, "Munali inu?"

"Sindikudziwa, amayi. Tinawotcha midzi yambiri. Ena anadutsamo ife tisanafike, ena pambuyo pathu. Sindikudziwa."

Abambo anavula chipewa. Ndinkangomva madzi akuyenda ndi moto ukuthetheka pamajombo paja. Kenako mayi aja anati, "Weramani, mwananga, kumutu sikunanyowe." Anathira madzi aja. Anatunganso ena, nawatsuka msana ndi masamba, pang'onopang'ono, monga asambitsira khanda. Ine mpaka lero ndikakumbukira manja amenewo ndimachita mantha, mantha ake ngati a m'tchalitchi. Sindinaonepo chinthu chachikulu chotere, ndipo chinachitidwa ndi mayi wovala chitenje chong'ambika.

Atatha anawafunditsa nsalu yatsopano n'kutiuza kuti tizipita osacheuka. Ena onse anamvera. Ine, ndi khosi langali, ndinacheuka. Mayi aja anali atagwada okha m'madzi, akudzikwecha mikono ndi mchenga, akuitana ana awo mayina mmodzimmodzi.

Patapita zaka pang'ono tinamva pawailesi kuti akuluakulu a mbali zonse ziwiri akhala pansi kunja kwina, akambirana, nkhondo yatha. Anthu anavina kubiyaholo, kumalo omwera mowa. Ine ndinapsa mtima. Ndiye kuti mipando yokhalapo inalipo zaka zonsezi? Anadikira chiyani, kuti midzi ithe kaye? Iwo anakambirana atavala masuti, atadya, pomwe mayi wa tomato anazichita ali m'madzi ozizira, munthu amene mwina anamuphera ana atawerama pamaso pake.

Koma ndathamangira kutsogolo. Lolemba lotsatira Loweruka lija ndinawapeza mayi aja atayala kale pamalo awo, maso otupa. Ndinali nditakonza mawu ambiri othokoza m'njira monse. Koma nditafika ndinangokhala pansi n'kuyamba kumasula dengu langa.

"Anagona kuti?" anandifunsa osandiyang'ana.

"M'nyumba, amayi. Alamu amasula katundu wawo."

Anagwedeza mutu, napukuta tomato mmodzi ndi chitenje.

"Chabwino," anatero. "Bola mwana wa mnzanga wabwerera kwa amake."