Kiyi wa Kabati ya Rapson

Rapson Thawale anabwera ku Birmingham motsatira mkazi wake, ndipo mwiniwake ankaseka kuti chikamwini cha kutali chonchi sanachimvepo. Mabel, mkazi wakeyo, anali namwino pa chipatala chachikulu cha ku Edgbaston. Rapson anapeza ntchito yotsuka mabasi. Kumudzi anali wapolisi, ndipo ku Zomba ankadziwika ndi chinthu chimodzi: akagwira mfuti yaing'ono ya m'manja n'kuloza chandamale, anzake ankangoyambiratu kuwomba m'manja. Kuno palibe ankadziwa zimenezo. Anali bambo wa ndowa ndi chokolopera basi.

Amene anamutulutsa m'ndowamo anali David, dalaivala wa basi, mzungu wolongolola amene anamutengera ku kalabu ya owombera chandamale kunja kwa tauni. Mfuti zazing'ono boma linali litaziletsa kale. Zimene zinkaloledwa pa mpikisano zinali za mpope wautali, zokhala ndi kachitsulo kotulukira kumbuyo ngati mchira wa khoswe. Rapson ataona imodzi anaseka mpaka misozi. Koma ataigwira n'kuwomba, kuseka kunathera pomwepo. Dzanja linali lisanaiwale.

Anadikira miyezi yambiri, apolisi anamufufuza mpaka kumudzi, kenaka anamupatsa laisensi. Anagula mfuti yake, zotseka m'makutu, magalasi ndi lamba wachikopa. Kabati yachitsulo yosungiramo mfutiyo anaikhomerera kukhoma m'chipinda chogona. M'kashedi ka kuseri kwa nyumba anamanga makina odzazira zipolopolo, a chogwirira chimodzi ngati mjigo. Ankatola makoko a zipolopolo zowomba kale, kuwatsuka, kuyeza wonga pa kasikelo, n'kudzazanso chimodzichimodzi, magalasi ali pamphuno, lilime lili panja. Munthu amene tiyi ankamwa choimirira, m'shedimo ankadekha ngati wosoka diresi la ukwati. Ku kalabu anayamba kumutchula kuti Sajeni. Kunena zoona, dzina limenelo ndi limene linkamudzutsa Lolemba kukatsuka mabasi.

Koma laisensi ija inabwera ndi lamulo limene linamukhala pakhosi. Kiyi wa kabati sankayenera kudziwika ndi munthu wina aliyense pamene ali, ngakhale mkazi wogona naye chipinda chimodzi. Tsono Rapson akanayamba bwanji? Mabel ndi amene anamutumizira tikiti ya ndege. Nyumba inali m'dzina la Mabel. Makiyi a masutikesi, a galimoto, a nyumba ya ku Chilomoni, onse ankakhala m'chikwama cha Mabel. Ndiye iye, mkamwini, aime pakati pa nyumba n'kunena kuti mayi, muno muli kiyi amene inu simuyenera kumudziwa? Anayesa kangapo, mawu n'kumathera m'kamwa. Anangotenga kiyi uja n'kumubisa m'malo oika mabatire a wailesi yakale ya kaseti, n'kukhala chete. Manyazi anapha lambe, koma Rapson ankaona ngati iye adzapulumuka.

Zaka zinadutsa. Mu 2007 anawomba bwino mpaka kalabu inamusankha kuti akaiimire ku mpikisano waukulu wa dziko lonse. Anatenga holide kuntchito, zipolopolo anadzaza n'kuziika m'timabokosi. Laisensi inali pafupi kutha, choncho kunabwera wapolisi woona za mfuti kudzayendera nyumba, monga mwa mwambo wake.

Anali bambo waulemu, waimvi. Anagwedeza kabati, anawerenga manambala a pamfuti, anasuzumira m'shedi, n'kunena kuti zonse zili bwino. Mabel anali pa ofu tsiku limenelo, ndipo mlendo sakanatuluka m'nyumba mwake kukhosi kuli gwa. Anabweretsa tiyi ndi mandasi. Wapolisi uja analuma ndasi, anayamikira, kenaka anafunsa Mabel mwachingerezi, ngati nkhani yongocheza:

"Nanga mayi, bambowa atadwala mwadzidzidzi, kiyi wa kabati mungadziwe pomupeza?"

Rapson anacheuka msanga. Anayesa kumuyang'ana mkazi wake, koma Mabel anali atawongola kale khosi. Kwa iye funsolo linali loyesa banja. Mzunguyu akufuna aone ngati Amalawi amakhala mobisirana, ngati mwamunayu ndi wa zachinsinsi, wosayenera kumukhulupirira ndi mfuti. Ndipo Mabel sakanalola kuti mwamuna wake anyozeke.

"Ndingalephere bwanji?" anayankha monyadira. "Ali mu wailesi, kumbuyo koika mabatire. Ife m'nyumba muno sitibisirana kanthu."

Wapolisi anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Ankaoneka kuti nayenso zamumvetsa chisoni. Anafotokoza lamulo mofatsa, anati nkhaniyo akaipereka kwa akuluakulu ake, koma mfuti ndi zipolopolo sangazisiye m'nyumbamo. Rapson anatsegula yekha kabati. Ananyamula yekha timabokosi tija mpaka ku galimoto ya wapolisiyo, n'kuima pamsewu mpaka galimotoyo itakhota. Za mpikisano zinali zitathera pomwepo, ndipo ngati laisensi idzabwerenso, ankadziwa ndi Mulungu.

Atalowa anapeza Mabel ali chiimire pamene anamusiya, thireyi ili m'manja.

"Bambo a Melissa, ndalakwitsa chiyani?"

Rapson anali atakonza mawu aukali ali panja, mawu oti nanga pakamwa pamangoyenera kutseguka nthawi zonse? Koma ataona nkhope ya mkazi wake, mawuwo anawasiya. Anakhala pampando.

"Simunalakwe. Ndi lamulo lawo. Inu simumayenera kudziwa pamene pali kiyi."

"Lamulo limenelo mwalimva lero?"

"Ayi. Anandiuza tsiku loyamba."

"Ndiye osandiuza bwanji? Ine kuntchito kabati ya madiragi, mankhwala oopsa aja, ili ndi kiyi wake, ndipo sindingakupatseni ngakhale mutagwada. Mumayesa sindikanamvetsa?"

"Ndinkachita manyazi, mayi. Nyumba ndi yanu. Ndinaona ngati mudzati mwamunayu wayamba kudzimva."

Mabel anaika thireyi patebulo n'kukhala moyang'anana naye. Kenaka Rapson anafunsa chimene chinkamuvuta mumtima.

"Kodi kiyiyo munamuona liti?"

"Mwezi womwe munagula kabatiwo. Ndinkafuna mabatire a tochi."

"Nthawi yonseyi? Osanena kanthu?"

"Ndikananena chiyani? Ndinamubwezera momwemo. Ndinkati mwina pali chimene ndinalakwa kuti musiye kundikhulupirira. Loweruka lililonse mukamatsegula wailesi ija mutatseka chitseko, ine ndinkapita dala kukhitchini kuti musachite manyazi." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Lero nditamva mzungu uja akufunsa, ndinati koma anthu akunja asadziwe kuti kwathu kuli zotere."

Rapson anali atalowa m'nyumbamo akulira mfuti yake. Tsopano anayang'ana mkazi amene kwa zaka zonsezo ankamuchapira malaya a ku kalabu, kumulongedzera chakudya cha pa ulendo, kwinaku akudzifunsa yekha chimene analakwa. Chisoni chimene chinamugwira chinali china, cholemera kuposa choyamba chija.

"Mabel," anatero, dzina limene anali atatenga nthawi osalitchula, "bwanji simunandifunse?"

"Ndinkadikira kuti mundiuze nokha."