Mbale 103 za Mayi Ozella

Emelda Kadzamira anafika ku College Park, m'dziko la America, mu Epulo 1977 atavala juzi ya mwamuna wake, pakuti panalibe amene anamuuza kuti kuno dzuwa limatha kuwala osatentha. Mwamunayo, Ferdinand, ankaphunzira zaulimi payunivesite. Emelda anapeza ntchito yosoka pashopu ina yochapira zovala, ndipo manja ake anali achangu: kupinda buluku limodzi, mphindi khumi ndi ziwiri basi.

Khomo loyandikana nalo linali la Mayi Ozella Pruitt, mayi wachikuda wobadwira ku America konkuno, wamasiye, amene anaphika zaka makumi atatu m'khitchini ya sukulu. Lamlungu loyamba, mayiwo anagogoda atanyamula mbale yagalasi yotentha, yokutidwa ndi thaulo.

"Makaroni ndi tchizi, mwanangu. Osati za m'kabokosi zogula kusitolo zija ayi. Idya, waonda ngati singano yako yomwe."

Emelda anapinda maondo, nalandira ndi manja awiri. Atatseka chitseko anavundukula. Pamwamba panali pofiirira bwino, koma fungo linamubaya m'mphuno. Kwawo ku Ntcheu, mkaka ukanunkha chotero amapatsa galu. Ferdinand, amene m'mimba mwake simunkagwirizana ndi mkaka, anangosuzumira n'kubwerera ku mabuku ake. Emelda anakulunga zonse m'nyuzipepala, ndipo m'mawa mwake anakazitaya m'bini ya kuseri kwa shopu, kutali ndi maso a mwiniwake.

Apa ndi pomwe mwambo unamutchera msampha. Mayi ake anamulera kuti mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu, ndipo chakudya cha munthu wamkulu sachinyoza. Emelda anatsuka mbale ija, naidzaza mandasi, napita nayo.

"Zinali bwanji?" anafunsa Mayi Ozella.

"Amayi, tinanyambita ndi zala zomwe."

Mayi Ozella sankadziwa kuti mandasiwo unali ulemu chabe. Iwo anaona mtsikana amene wakonda chakudya chawo mpaka kukazinga mandasi othokozera. Kuyambira pamenepo, Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse mbale inkabwera ndi makaroni, n'kubwerera ndi mandasi. Ferdinand atamaliza maphunziro anapeza ntchito ku Washington, koma nyumba sanasinthe. Akamva kugogoda ankanong'ona, "Mayi a mandasi, kasitomala wanu uja wafika." Emelda ankamuponyera nsanza yotsukira mbale.

Kuseka kunatha tsiku limene Mayi Ozella anakhazika Emelda pakhonde n'kumuuza kumene chakudyacho chinachokera.

"Azungu a ku Italy ndi ku England ndiwo anayamba kuphatikiza zimenezi. Olemera a ku Virginia anaziona kumeneko n'kuzikonda. Koma ukuganiza pamoto pankaima ndani? Mayi a agogo anga anali kapolo m'khitchini ya nyumba yaikulu. Ankaphika, koma kudya ayi. Ankangolawa kunsonga kwa supuni kuti amve mchere. Ufulu utabwera anatuluka opanda nsapato, koma kakomedwe aka anatuluka nako palilime. Papepala palibe, popeza kulemba sankaloledwa kuphunzira. Kabokosi kaja kanabwera m'zaka za umphawi, m'ma 1930, ndipo kanadyetsa ana ambiri, sindikanyoza. Koma izi si za Lachiwiri wamba. Izi n'zapamaliro, paukwati, pa Thanksgiving, tsiku lathu lothokoza."

Mwezi wotsatira Emelda anatenga foloko, nafikitsa chakudyacho pamlomo, koma mseru unamugwira. Anaganiza zoulula. Koma bodza la mwezi umodzi umalizula ndi dzanja, la zaka zitatu limakhala litamera mizu. Anaonjezera mandasi. Ankaperekeza Mayi Ozella kuchipatala, ankawasokera madiresi a kutchalitchi, ndipo Lolemba loyamba la mwezi ankakwerabe basi ndi phukusi lake la nyuzipepala, maso ali pansi.

Mu Novembala 1985, Mayi Ozella anamuitana. Matenda anali atawafooketsa, ndipo mankhwala anali atapha lilime lawo: shuga ndi mchere zonse zinkamveka ngati pepala. Kutchalitchi kwawo, paphwando la Thanksgiving, makaroni ankabweretsa munthu mmodzi yekha, ndipo kwa zaka makumi anayi munthuyo anali iwo. Mwana wawo mmodzi yekhayo anafera kunkhondo ku Vietnam.

"Ndilibe wina," anatero. "Manja ndikuphunzitsa lero lomwe. Koma muyeso ulibe kapu, uli pakamwa. Iwe wadya zaka zisanu ndi zitatu. Lilime lako likhala langa."

Loweruka masana anaima awiri m'khitchini. Emelda anawiritsa makaroni, napala tchizi wa mitundu itatu, naswa mazira, nathira mkaka wa m'chitini ndi kaufa ka njere za mpiru. Mayi Ozella, ali pampando, anamupatsa supuni.

"Lawa. Chasowa n'chiyani?"

Emelda akanatha kungoti mchere. Mayiwo sakanadziwa. Koma anaganiza za kapolo uja ndi nsonga ya supuni yake, ndipo anaona kuti chimene angachinene pamenepo n'chimene chidzatsale, chokhota kapena chowongoka. Anagwada pansi.

"Amayi, sindinadyepo. Ngakhale kamodzi. Ndinkataya."

Mufiriji munkalira injini. Mayi Ozella anamuyang'ana.

"Zonse?"

"Mbale 103, Amayi. Ndinkawerenga."

"Unkawerenga!" Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ine ndinkakwera mabasi awiri kukagula tchizi ameneyo. Ndipo mandasi ako ndinadya onse, ngakhale opserera aja a chaka cha chipale chambiri. Bwanji osangonena, mwana iwe?"

"Kwathu sitikana chakudya cha munthu wamkulu."

"Kwanu mumangochitaya?"

Misozi ya Emelda inagwera pa epuloni yake.

"Dzuka," anatero Mayi Ozella pomaliza. "Maondo sathira mchere. Lawa."

Analawa. Mseru sunabwere. Zinali zokoma, zonona, zowawasa pang'ono kumapeto, ndipo kukomako n'kumene kunamupweteka kuposa mawu onse. Koma analibe chofanizira. Anayesa ndi zimene zinatsala: Mayi Ozella ankayang'ana mmene msuzi ukutsetserekera pasupuni, ankamvetsera kuthetheka kwa m'mphepete mwa mbale muuvuni, n'kumati, "Onjeza pang'ono. Kaya. Basi, siya."

Kutchalitchi, mkulu wina wa mpingo amene anadya makaroniwo kuyambira ali mnyamata wa kwaya anatafuna pang'onopang'ono, nayang'ana Mayi Ozella, nayang'ana Emelda.

"Zayandikira," anatero.

Mayi Ozella anamwalira mu Febuluwale 1986. Mbale yagalasi ija anasiyira Emelda, ndipo paphwando la pambuyo pa maliro makaroni anabweretsa ndi iyeyo. Pofika 1989 anali atasiya kusoka, akuphikira maukwati ndi maphwando a Amalawi ndi Azambia mpaka ku tawuni ya Woodbridge, ndipo makaroni ake ankatha mpunga usanafike theka. Anthu ankamutama. Iye Novembala aliyense ankasintha kanthu kamodzi, chaka china mpiru, chaka china dzira, n'kupita nazo kutchalitchi kuja kukaima pambali pa okalamba amene ankakumbukirabe. Poyamba analipo khumi ndi mmodzi. Chaka chimenecho anatsala asanu ndi awiri. Ankawayang'ana pakamwa akamatafuna, mbale yagalasi ili m'manja, kudikira kuti mwina mmodzi anene mawu ena osati aja akuti zayandikira.