Mabisiketi a Mumphika wa Mchenga

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali Sitandade 5, tikukhala m'nyumba za antchito pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Amayi ankathyola tiyi, abambo ankagwira ntchito youmitsa masamba kufakitale. Mwezi wa Juni umenewo inakwana nthawi yoti azimayi a kumpingo adzapempherere kunyumba kwathu, ndipo amayi anasowa mtendere. Kumene anakumana komaliza, kwa akazi a akalaliki, anadya mabisiketi a m'sitolo. Amayi sanafune kuti kwathu anthu amwere tiyi chinangwa.

Amene anatithandiza anali a NyaMhango, aphunzitsi ochokera ku Rumphi omwe anali atangofika kumene. Anatipatsa ufa wa chokoleti m'kachitini, n'kuwafotokozera amayi kaphikidwe ka mabisiketi ataima pampopi. Amalume anabweretsa malalanje kuchokera ku Goliati. Chomwe tinalibe chinali uvuni.

Loweruka kunacha ndi chiperoni, minda ya tiyi yosaoneka n'komwe. Amayi anathira mchenga mumphika waukulu, n'kuuteleka pambaula. Ine anandipatsa chivindikiro cha chitini choboolaboola ndi msomali kuti ndizipalira makungu a malalanje. Timadzi take tinkandilowa m'maso, koma fungo linali lokoma moti sindinadandaule. Tinasakaniza majarini, shuga, dzira ndi ufa, amayi n'kumasalaza mtandawo ndi botolo, ine ndikudula ndi kukamwa kwa kapu. Tinayala pambale yachitsulo pamwamba pa mchenga, kuvindikira, n'kuika makala pachivindikiro.

Vuto la mabisiketi a chokoleti n'loti ndi akuda kale. Tinkavundukula, kuyang'ana, osadziwa ngati apsa kapena ayi, n'kuvindikiranso. Pomwe tinawaphula anali olimba ngati mapale. Abambo, omwe ankakonza njinga pakhonde, anapatsidwa imodzi kuti alawe. Anatafuna nthawi yaitali, nkhope ili phee.

“Ali bwanji?” anafunsa amayi.

“Lalanje ndalimva,” anatero abambo. “Koma makala ndi amene achuluka.”

Ine ndinaseka, amayi sanaseke. Anakhala pampando, manja ali m'chitenje, akuyang'ana mtanda wotsala womwe unali wongokwanira mbale ziwiri. Ananena motsitsa mawu kuti bola angokumba chinangwa.

Abambo anasamba m'manja, n'kukoka kampando kufupi ndi mbaula. Anachotsako makala pansi, ena n'kuwasunthira m'mbali mwa chivindikiro. “Tiyi kufakitale sitimuyang'ana mtundu ayi, timamununkhiza,” anatero. “Ikani ena, mayi a Eneresi. Moto musiyire ine.”

Masiku amenewo mwamuna sankakhala pamoto mkazi wake alipo. Anzawo awiri ochokera kumpira anaima panjira, mmodzi n'kufunsa ngati kufakitale awachotsa ntchito. Abambo sanatembenuke n'komwe. Anali atawerama, maso otsinzina, mphuno ili pafupi ndi mphika. Kenaka anati, “Phulani.” Amayi anazengereza poti mabisiketiwo anali ofewa, koma atazizira anauma bwinobwino, ophwanyika mosavuta, lalanje likumvekera kumapeto kwa lilime. Ine anandipatsa yothyoka, ndipo ndinaidya pang'onopang'ono kuseri kwa nyumba kuti mng'ono wanga asaone.

Mawa lake masana nyumba inadzaza. Atatha mapemphero, amayi anayendetsa mbale ya mabisiketi ija. Akazi a akalaliki analuma, n'kufunsa kuti tagula sitolo iti ku Limbe. Amayi anangoloza mphika wa mchenga pakona, ndipo azimayi onse anadzuka kukausuzumira, akuseka ndi kulankhula Chilomwe mothamanga. Agogo ena anamanga awiri pansonga ya chitenje kuti akaonetse adzukulu. A NyaMhango, omwe mpaka tsikulo ankangokhala okha, anatuluka atazunguliridwa ndi anthu ofuna kuphunzira.

Pano ndimakhala m'tauni, ndili ndi uvuni wamagetsi woti umalira wokha zinthu zikapsa. Ana anga amaona kuphika mabisiketi ngati chinthu wamba, ndipo bambo awo akavala epuloni palibe amene amaima panjira. Abambo anatisiya kalekale. Amayi akabwera kudzacheza ndimawaphikira, iwo n'kudya mwaulemu, kuyamikira, kenaka n'kunena kuti ndi abwino ndithu, kungoti wosonkhezera moto ndi amene akusowa.