Nandolo wa Mwana Wobwera

Ndinayamba kuyendera mabanja olera ana a eni ndikuphunzitsabe pa pulayimale ina kufupi ndi Namitambo. Palibe anandituma. Inenso ndinakulira m'nyumba ya anthu omwe sanandibereke, ndipo ndimadziwa momwe mwana wotere amakhalira pamphasa: kumapeto, mwendo umodzi uli padothi. Loweruka lililonse ndinkapalasa njinga, chikwama cha mapepala kumbuyo, kukauza anthu kuti mtima wabwino pawokha sukwanira, mwanayo akamulembetse kuofesi yoona za ana kuboma, ndipo ngati akufuna akhale wawo mpaka kalekale, apite kukhoti. Ambiri ankandipatsa mpando, kumvetsera mwaulemu, n'kundiperekeza mpaka kumsewu. Mapepala ankabwerera nane.

Mmodzi mwa iwo anali mayi wina wa ku Mbombwe amene sanaberekepo. Anatenga kamtsikana ka zaka zitatu, make atamwalira ali paganyu m'mudzimo, kwawo kosadziwika bwino. Anamulera zaka khumi ndi zinayi. Ndinawachonderera kangapo za kukhoti, iwo n'kumangoseka.

"Aphunzitsi, mwana wanga ndikamulembetse ngati njinga?"

Mayiwo anamwalira chimanga chitangolowa m'nyumba, nandolo akuyamba maluwa kumunda. Patatha sabata, mtsikanayo anafika kwanga wapansi, fumbi mpaka m'maondo. Anakana kulowa. Anangoti abale akumana mawa lake kudzagawa za malemu, ndipo akuti iye ndi wobwera.

Madzulo omwewo ndinazungulira kwa amayi anzanga a kumpingo kuti wina andiperekeze. Wina anali ndi mdzukulu wodwala, wina amapita kuchigayo. Wachitatu ananena mosabisa kuti nkhani za mbumba ya eni salowerera, ndiponso ine ndizichepetse, anthu ayamba kunditcha woyambanitsa. Ndinapita ndekha.

Kwathu kuno munda umatsata akazi a mbumba, ndipo woweruza ndi mwinimbumba, mlongo wawo wamwamuna. Ameneyu anali bambo wokalamba, wofatsa, wooneka wotopa. Kumbuyo kwake kunakhala ana aakazi atatu a mng'ono wa malemu, aliyense ndi mwana kumsana, aliyense akulima kachigawo kosakwana kudyetsa banja. Bamboyo anandilola kulankhula. Ndinafunsa amene ankatungira malemu madzi, amene anagona nawo pansi kuchipatala mwezi wathunthu, amene anadzala nandolo ali kumundayo. Palibe anatsutsa. Mmodzi wa akaziwo anati mtsikanayo amamukonda, anakula naye, koma dothi silitambasuka.

Kenako bambo aja anandiyang'ana.

"Mayi, mwanena zoona zokhazokha. Koma pepala loti ndi mwana wa mlongo wanga muli nalo?"

Chikwama chinali pamiyendo panga, chodzaza mafomu osalemba. Ndinati ndilibe.

Anagamula kuti nyumba ndi munda zibwerere kumbumba, koma mtsikanayo akhale mpaka nandolo atauma, ndipo zokololazo zikhale zake, pamodzi ndi ziwiya ndi zitenje za malemu. Nthawi yonseyi mtsikanayo anali kuseri kwa nyumba, akumva. Nditapita kukamufotokozera anandithokoza mogwada, ndipo kuthokoza kumeneko kunandiwawa kuposa akanandikalipira.

Nandolo atauma ndinakamuthandiza kuthyola masiku awiri. Tinkayenda mizere yoyandikana, dzuwa likuswa mtengo. Tsiku lachiwiri anandifunsa ngati ine ndinabwererako kwa anthu amene anandilera. Ndinamuuza zoona, kuti atamwalira mayi wa m'nyumbamo sindinapondekonso. Anagwedeza mutu n'kupitiriza kuthyola.

Mothandizidwa ndi a kuofesi ija, tinamupezera malo ku Limbe kwa mayi wina wosoka zovala. Anandiimbira foni kawiri, kachiwiri akuti wayamba kusoka mayunifolomu a sukulu. Kenako nambala yake inasiya kupezeka. Sindimudandaula. Munthu amafuna kukhala komwe sakumudziwa ngati mwana wotoledwa, ndipo nkhope yanga ikanangomukumbutsa.

Chaka chomwecho mabanja atatu a ku Mbombwe anabwera okha kudzafunsa njira ya kukhoti. Sanatchule chimene chinawatuma, inenso sindinafunse.

Pano ndinapuma pantchito. Amuna anga anatisiya, ana ali kutauni ndipo amati ndisiye kudzizunza ndi nkhani za eni. Kutchalitchi anthu amandipatsa moni bwinobwino, koma pakhomo panga safikapo kudzangocheza, amabwera zinthu zikavuta. Sabata yatha ndinapita ku Likoswe kwa banja lina lomwe latenga mapasa a mnansi wawo. Bambo anati nkhani imeneyi sangayankhe okha, ndidikire akazi awo abwere kuchokera kumsika, iwo n'kunyamula khasu kupita kudimba. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka mthunzi unasuntha n'kundisiya padzuwa. Mapasawo ankasewera ndi zitini, nthawi zina kundisuzumira. Mayiwo sanabwere. Ndinasiya uthenga kwa oyandikana nawo kuti ndidzabweranso, n'kuyamba kukankha njinga, chifukwa chitunda cha pamenepo masiku ano chimandikanika.